Kaphunzitsidwe ka buku la Black Beauty kwa ana amene hatchi anangoiona pa chithunzi

Black Beauty ndi buku limene hatchi ikudzifotokozera yokha mbiri ya moyo wake, kuyambira ili kamwana kothamanga m'dambo pambali pa mayi wake mpaka itakalamba. Analilemba Anna Sewell wa ku England, ndipo linatuluka mu Novembala 1877. Lili ndi mitu 49 yaifupiifupi m'zigawo zinayi. Malangizo awa ndi a mphunzitsi wa Chingerezi, kapena kholo lowerenga ndi ana pakhomo, makamaka ana a Sitandade 8 mpaka Fomu 2.

Musanalowe m'kalasi, dziwani kuti hatchiyi siisintha khalidwe. Ndi yofatsa, yomvera komanso yolimbikira ntchito kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Chimene chimasintha ndi manja amene yagweramo. Mukaphunzitsa bukuli ngati kankhani ka hatchi yokongola, ana atopa pofika mutu 10, chifukwa mulibe mfiti kapena chuma chokwiriridwa choti adikirire. Mukawatsogolera kuti azilondola manjawo, n'kumafunsa kuti mwini uyu waichita chiyani nanga n'chifukwa chiyani, afuna okha kumva mutu wotsatira.

Gawo 1: Sankhani kope, ndipo musaope kudumpha mitu

Bukuli ndi lakale moti palibenso amene amalipiritsa polikopera. Lathunthu limapezeka mwaulere pa intaneti, pa tsamba la Project Gutenberg, ndipo pa tsamba la LibriVox pali anthu amene analiwerenga mokweza, mutha kutsitsa pa foni. M'malaibulale mumapezekanso makope ofupikitsidwa a Chingerezi chosavuta. Musanasankhe lofupikitsidwa, tsegulani chakumapeto muone ngati muli Seedy Sam, mmphawi woyendetsa ngolo ya hayala, ndi imfa ya Ginger, hatchi inzake ya Beauty. Ofupikitsa ena amachotsa malo amenewa poganiza kuti ndi owawa kwa ana, chonsecho mpamene pagona nkhani.

Ngati muli ndi masabata 10 ndi maphunziro atatu pa sabata, lathunthu limatheka, mitu isanu pa sabata. Nthawi ikachepa, werengani iyi: 1 mpaka 4, 7, 8, 10, 12, 16, 18 mpaka 23, 25, 26, 32, 33, 39, 40, ndi 45 mpaka 49. Yotsalayo ifotokozeni pakamwa m'ziganizo zitatu kapena zinayi. Mitu ngati 42, ya tsiku la chisankho, ndi ulaliki wambiri kuposa nkhani, ndipo mwana sataya kanthu akaidumpha.

Kope limodzi lingakwanire ana asanu ngati wina akuwerenga mokweza, enawo akutsatira ndi maso. Kupitirira apo, amene akhala kumapeto kwa desiki amangoyang'ana denga.

Gawo 2: Phunziro loyamba likhale la hatchi, buku likhale lotseka

Vuto lalikulu la bukuli si galamala. Ndi mawu a m'khola. Mutu 3, umene Beauty akuphunzitsidwa ntchito, uli ndi mayina a zipangizo ochuluka moti mwana amene sanazione amagwa ulesi pomwepo. Choncho jambulani hatchi yaikulu pa pepala la tchati, ikhale pakhoma teremu yonse, ndipo mulembepo mawu awa ndi mivi yoloza pamalo pake.

Bit ndi kachitsulo kopingasa m'kamwa mwa hatchi, pamwamba pa lilime. Bridle ndi zingwe zachikopa za kumutu zimene zimagwira kachitsuloko. Reins ndi zingwe zochoka pa kachitsulo kupita m'manja mwa woyendetsa. Saddle ndi chishalo, girth ndi lamba wochimanga kudutsa pansi pa mimba. Collar ndi chovala chokhuthala cha m'khosi chimene hatchi imakankha ndi mapewa pokoka ngolo. Blinkers ndi tizikopa totchinga m'mbali mwa maso. Crupper ndi kalamba kodutsa pansi pa mchira. Shoe ndi chitsulo chopindika chokhomeredwa ndi misomali ku chiboda.

Yambirani pa zimene akudziwa. Funsani amene anamangapo ng'ombe pa goli kapena kuyendetsa ngolo ya abulu kuti abwere kutsogolo afotokoze mmene amachitira, chingwe chimadutsa pati, chimene chimachititsa chilonda pakhosi n'chiyani. Kawirikawiri amene amadziwa izi ndi ana omwe sakweza dzanja pa phunziro la Chingerezi, ndiye mwawapeza poyambira. Kenako sonyezani kusiyana: ng'ombe imakoka ndi goli pakhosi, hatchi imakankha ndi mapewa ndi chifuwa. Funso la misomali lidzabwera ndithu. Yankho lake n'lakuti mbali ya kunja ya chiboda ili ngati chikhadabo, siimva ululu, bola wokhomayo asalase mkati.

Pali anthu atatu ofunikanso kuwasiyanitsa: groom amasamala hatchi m'khola, coachman amayendetsa ngolo ya bwana, cabman amayendetsa ngolo ya hayala mumzinda. Awuzeninso msanga kuti Beauty ndi hatchi yaimuna. Mukaiwala, theka la kalasi lidzalemba "she" mpaka pa mayeso.

Gawo 3: Za wolemba, mphindi khumi zakwana

Anna Sewell anabadwira ku Great Yarmouth mu 1820, m'banja la mpingo wa Quaker. Ali ndi zaka pafupifupi 14 anavulala akakolo ndipo sanayendenso bwino moyo wake wonse, moti kulikonse kumene ankapita ankadalira ngolo ya hatchi. Bukuli analilemba pakati pa 1871 ndi 1877 akudwala, zina polemba pa timapepala, zina pouza mayi ake kuti amulembere. Anamwalira mu Epulo 1878, patangopita miyezi isanu litatuluka. Ndi buku lokhalo limene analemba.

Mfundo yothandiza kwambiri ndi yakuti sanalembere ana. Ankafuna kuti liwerengedwe ndi anthu ogwira ntchito ndi mahatchi, pa nthawi imene mu London katundu ndi anthu ankayenda pa ngolo za mahatchi, galimoto kulibe. N'chifukwa chake muli malangizo ambiri a kadyetsedwe ndi kasamalidwe ka m'khola. Ana akadziwa izi sadabwanso kuona hatchi ikuima pakati pa nkhani n'kuyamba kulangiza.

Gawo 4: Tchati cha manja amene Beauty anadutsamo

Pa pepala lachiwiri lembani mizere ya mabokosi asanu: mwini wake, womusamala, dzina limene anapatsidwa, ntchito, ndi chimene chinachitika pa thupi lake. Musadzaze nokha. Gulu limodzi lizidzaza mzere nkhani ikafika pamenepo.

Mndandanda wake uli motere. Kwa Farmer Grey anabadwira, akutchedwa Darkie. Kwa Squire Gordon ku Birtwick Park anapatsidwa dzina la Black Beauty, akusamalidwa ndi John Manly, James Howard ndipo kenako Joe Green. Ku Earlshall kwa Earl of W, mayi wina wa pabanjapo, Lady Anne, anamutcha Black Auster. Atavulala mawondo anagulitsidwa ku Bath kukhala hatchi yobwereketsa, kenako kwa Mr Barry, amene wantchito wake woyamba, Filcher, ankaba chakudya cha hatchi, wachiwiri, Alfred Smirk, n'kusiya khola lauve mpaka ziboda zinayamba kuwola. Jerry Barker wa ku London anamugula pamsika n'kumutcha Jack. Pambuyo pake anakoka katundu wolemera akuyendetsedwa ndi Jakes, kenako ngolo ya hayala ya Nicholas Skinner mpaka anakomoka pamsewu. Farmer Thoroughgood ndi mdzukulu wake Willie anamugula atatheratu, ndipo anathera kwa amayi atatu a banja la Blomefield.

Bokosi lomaliza ndilo lofunika, chifukwa ana amaona ndi maso awo thupi likutha pang'onopang'ono. Onjezani mitengo iwiri imene bukuli limatchula: Jerry anapereka mapaundi 24 ndi masheleni 10, Thoroughgood anapereka mapaundi 5 okha. Afunseni kuti mapaundi enawo anathera m'manja mwa yani.

Chenjezo pa dzina la Darkie. M'bukuli likungonena za ubweya wakuda wa kamwana ka hatchi, koma m'Chingerezi mawuwa amagwiritsidwanso ntchito ponyoza anthu akuda. Nenani zimenezi poyera tsiku lomwelo, asanayambe kutchulana dzinali pa nthawi yopuma.

Gawo 5: Kawerengedwe ka mutu umodzi

Pa phunziro la mphindi 40, tengani mphindi zisanu kukumbutsana za dzulo pogwiritsa ntchito tchati, zisanu kulemba pa bolodi mawu atsopano osapitirira asanu ndi limodzi, 15 kuwerenga, zotsalazo kukambirana ndi kulemba. Ndime zoyamba muziwerenga inuyo kuti ana amve kayendedwe ka ziganizo, popeza Chingerezi cha m'ma 1870 chili ndi ziganizo zazitali zodulidwa ndi zizindikiro zambiri. Malo amene anthu akulankhulana agawireni ana, wina John Manly, wina Squire Gordon.

Chimene chimalakwika kawirikawiri n'kumasulira liwu ndi liwu. Mukatero mutu umodzi udya masiku atatu ndipo nkhani imazizira. Werengani tsamba lonse, kenako wina afotokoze m'Chichewa zimene zachitika, wina abwereze m'Chingerezi chake. Imani pamalo pokoma. Pa mutu 12 imani pamene Beauty wakana kuponda pa mlatho usiku wa mkuntho, bwana wake atamukwapula, ana asanamve kuti mlathowo wathyoka pakati. Pa mutu 16 imani pamene utsi wayamba kulowa m'khola, ndipo afunseni mmene angatulutsire hatchi yogwidwa ndi mantha. Mawa lake adzamva kuti James anaimanga mpango m'maso n'kuitulutsa akuilankhula mofatsa, ndi kuti moto wonsewo unayamba ndi kaliwo wa munthu amene anakwera naye posungira udzu wouma.

Gawo 6: Chingwe chokweza mutu, achimve m'thupi mwawo

Pakati pa zipangizo zonse, chimene Anna Sewell ankadana nacho kwambiri ndi bearing rein. Ndi chingwe chochoka pa kachitsulo ka m'kamwa, kudutsa chakumutu, n'kukakoledwa pa kambedza ka pamsana. Ntchito yake n'kugwira mutu wa hatchi kuti ukhale m'mwamba. Anthu olemera ankachikonda chifukwa hatchi yotukula mutu inkaoneka yonyada kutsogolo kwa ngolo yawo. Phindu lina panalibe.

Musanawerenge mitu 22 ndi 23, tulukani ndi kalasi panja pomwe pali kachitunda kapena masitepe. Ana awiri anyamule ndowa ya madzi aliyense, akwere mmene amakwerera masiku onse. Enawo aone mmene mutu ndi mapewa zikuweramira kutsogolo. Kachiwiri akwere chibwano chili m'mwamba, maso akuyang'ana kumitambo, kwa masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi okha, mnzawo akuyenda pambali kuti asagwe. Musamange mwana chingwe kapena nsalu m'khosi, ngakhale mongoyerekeza. Afunseni kuti pakupweteka ndi pati. Adzatchula khosi ndi msana, ndiponso kuti sakuona poponda.

Mukabwerera m'kalasi, mitu iwiriyo imadziphunzitsa yokha. Hatchi ikamakoka chokwera imatsitsa mutu n'kuponya kulemera kwa thupi lonse pa collar. Mutu ukagwidwa m'mwamba, ntchito yonse imagwera msana ndi miyendo, kupuma kumavuta, ndipo kachitsulo kamakanikiza m'kamwa mpaka thovu. Ku Earlshall mayi wa nyumba ankalamula kuti chingwecho chizifupikitsidwa bowo ndi bowo, tsiku ndi tsiku, mpaka Ginger analephera kupirira n'kuyamba kuponya mateche. Funso loyenera kukhalapo nthawi ndi la Mr York, woyang'anira mahatchiwo. Ankadziwa kuti chingwecho n'choipa, komabe ankachimanga poopa ntchito. Kodi mlandu wake ndi wofanana ndi wa mayiyo? Asiyeni atsutsane. Nkhaniyi idzabweranso pa mutu 46, pamene mayi wina wodutsa akupempha Jakes kuti amasule chingwecho pa chitunda, ngolo n'kukwera. Pa mutu 10 pali nkhani yofanana ya Sir Oliver, amene anadulidwa mchira chifukwa cha fashoni, moti sangathenso kuingitsa ntchentche.

Gawo 7: Kusiyanitsa zifukwa za nkhanza

Ana amakonda kugawa anthu pawiri, abwino ndi oipa. Bukuli silitero, ndipo apa mpamene phunziro limakula.

Tengani Joe Green pa mutu 18. Beauty wathamanga mamailosi 8 usiku kukaitana dokotala wa mkazi wa Squire Gordon, wabwereranso atabereka dokotalayo. Wafika thukuta lili chuchuchu, miyendo ikunjenjemera. Joe, mnyamata wa zaka 14 amene wangoyamba kumene ntchito, akumupukuta, akumupatsa ndowa yodzaza madzi ozizira, ndipo sakumufunditsa poganiza kuti watenthedwa kale. Beauty akudwala chibayo mpaka kutsala pang'ono kufa. Joe ankamukonda, anachita zonse ndi mtima wabwino. Pa mutu 19 John Manly akukana kuti kusadziwa n'chifukwa chokhululukira munthu. Gawani kalasi pawiri, ena aimire Joe, ena John, aliyense apeze umboni m'buku ndi kutchula tsamba. Awuzeninso kuti kukhetsa magazi kumene dokotala wa ziweto anachita pa Beauty kanali kachiritsidwe ka nthawi imeneyo, lero kanasiyidwa.

Kenako Reuben Smith pa mitu 25 ndi 26, katswiri wa mahatchi amene vuto lake linali mowa. Anauzidwa kuti msomali wa chitsulo cha kuchiboda wagwedera, sanasamale, anathamangitsa hatchi mumdima pa msewu wa miyala yakuthwa. Chitsulo chinagwa, chiboda chinang'ambika, Beauty anagwa chogwada, Reuben anafera pomwepo. Mkazi wake ndi ana asanu ndi mmodzi anachotsedwa m'nyumba. Zipsera za m'mawondo n'zimene zinachititsa kuti bwana amugulitse, popeza hatchi ya zipsera siiyenera m'khola la munthu wolemera.

Pofika apa ana akhale ndi mawu asanu pa bolodi: fashoni, kusadziwa, mowa, ulesi ndi kuba. Liwu lachisanu ndi chimodzi likubwera pa gawo lotsatira.

Gawo 8: Masamu a Seedy Sam

Mutu 39 ndi umene umasonyeza kuti wokwapula hatchi nayenso akhoza kukhala wokwapulidwa. Jerry Barker ali ndi ngolo ndi mahatchi akeake, choncho atha kukana kugwira ntchito Lamlungu. Seedy Sam amabwereka. Ayenera kupereka masheleni 18 pa tsiku kwa mwini ngolo ndi mahatchi awiri, ndiye kuti masheleni 9 pa hatchi iliyonse, asanapeze ya chakudya cha ana ake.

Werengetsani pa bolodi. Sheleni imodzi inali mapeni 12, paundi imodzi masheleni 20. Mtengo wa boma wa ngolo za hayala mu London unali mapeni 6 pa mailo. Masheleni 18 ndi mapeni 216, ndipo mukagawa ndi 6 mupeza mamailosi 36 a ulendo wolipidwa, pafupifupi makilomita 58, ongolipira mwini ngolo. Pamwamba pa apo pali maulendo obwerera opanda munthu ndi maola odikirira pamzere. Ndalama zimenezi si zachilendo kwathu kuno, chifukwa Malawi ankagwiritsa ntchito mapaundi ndi masheleni mpaka 1971 pamene kwacha inabwera. Atumeni akafunse agogo kuti sheleni inkagula chiyani.

Simudzafunika kutchula za kabaza kapena minibasi, adzatchula okha. Mwana amene bambo ake kapena mchimwene wake amayendetsa njinga yamoto ya munthu wina akudziwa bwino tanthauzo la ndalama ya bwana ya pa tsiku. Muloleni afotokoze ngati wafuna, osamuloza chala. Kenako bwererani ku London ya 1877, chifukwa nkhani ya Sam ili ndi mathero ake: patapita masiku ochepa anzake akumva kuti wamwalira.

Gawo 9: Ginger

Mutu 40 musaupereke kwa mwana kuti awerenge, ndipo musauyambe kutatsala mphindi zisanu belu lisanalire. Beauty akukumana ndi hatchi yowonda, mawondo opindika, ikutola udzu umene mphepo yaulutsa, ndipo akuzindikira kuti ndi Ginger, uja ankaluma ndi kuponya mateche. Tsopano sakulimbananso, akungolakalaka kufa. Patapita nthawi pang'ono ngolo ikudutsa itanyamula hatchi yakufa ya mtundu womwewo, ndipo Beauty akukhulupirira kuti ndi iyeyo, ngakhale bukuli silitsimikiza.

Mukamaliza kuwerenga, khalani chete pang'ono. Ena adzaseka, n'chifukwa cha manyazi, musawakalipire. M'malo mofunsa mmene akumvera, apatseni ntchito ya manja: atsegulenso mitu 7 ndi 8, pamene Ginger akufotokoza mmene analeredwera mwankhanza, ndipo alembe zinthu zitatu zimene Beauty anapeza ali wamng'ono zomwe Ginger sanazipeze.

Mutu 34 wa Captain, hatchi imene inamenya nawo nkhondo ya ku Crimea ya 1853 mpaka 1856, nawonso ndi wolemera, koma ana a Fomu 1 amaupirira bwino.

Gawo 10: Ntchito yolemba

Ntchito yomaliza ikhale yakuti aliyense alembe mawu 250 mpaka 300 ngati ng'ombe yokoka ngolo, bulu, kapena galu wa pakhomo, akufotokoza tsiku limodzi m'manja mwa munthu mmodzi. Cholakwika chimene mudzachione msanga n'chakuti adzalemba nthano. Ng'ombe idzayamba kuyankha mwini wake, kapena kumuchenjerera ngati Kalulu. Akumbutseni malamulo a bukuli: mahatchi amalankhulana okhaokha, amamva zonena anthu koma sawayankha, ndipo amachita zokhazo zimene hatchi yeniyeni ingachite. Pochonga, perekani malikisi ambiri pa zinthu zitatu: kugwiritsa ntchito "I" mosasintha, zimene nyamayo ikumva pathupi monga goli, ludzu, dzuwa ndi ntchentche, ndiponso chifukwa chomveka chimene munthuyo akuchitira zimene akuchita.

Mutu 49 usungeni mpaka zolembazo zitasonkhanitsidwa. Musanauwerenge, abwerere ku mutu 3 akalembe zizindikiro za thupi la Beauty: ubweya wakuda, nyenyezi yoyera pamphumi, phazi limodzi loyera. Awonjezere kachotupa ka pakhosi pamene anakhetsedwa magazi ku Birtwick. Ndiye powerenga, imani pamene wantchito wa amayi a Blomefield, mwamuna wandevu amene poyamba anadandaula ndi mawondo a zipsera, wayamba kupukuta nkhope ya hatchiyo n'kuona nyenyezi. Afunseni kuti munthu ameneyu ndani, ndipo muwerenge manja amene akwera musanatchule dzina la Joe Green.